Tsiku Limene Ndinatchula Kwathu pa Wailesi

Ndinaganiza zochoka ku Mzuzu nditakhoza mayeso a Sitandade 8 koma osasankhidwa kupita ku sekondale. Sukulu ndinaphunzira kumudzi, ku Nkhata Bay. Bambo atamwalira, ine ndi amama tinasamukira ku Msongwe, m'nyumba ya asibweni anga a Mphande, alongo awo a amama, amene anali kalaliki ku ofesi ina ya boma m'tauni. Anali munthu wa tayi ndi nsapato zowala, wolankhula pang'ono. Sanandinenepo choipa, koma ndinkaona mmene ankayang'anira sopo akatha msanga. Mnyamata wamkulu wongokhala amadziwa yekha kuti akulemera.

A Zgambo, dalaivala wa lole amene ankapita ku Zambia kawirikawiri, ndiwo anandiuza kuti hotela ina ku Lusaka ikufuna anyamata odziwa Chingelezi komanso osabweza mawu. Ndinaona kuti zonse ziwirizo ndili nazo. Amama anandiperekeza mpaka ku depoti, mvula yowaza ya ku Mzuzu ikutinyowetsa, ndipo anandipatsa malangizo amene ankandipatsa kuyambira ndili mwana.

“Yotamu, kumene ukupitako wamkulu akakufunsa kwanu, uzinena zonse. Dzina lako, la bambo ako, mudzi, amene akukusunga. Wobisa kwawo ndi wakuba. Wamva?”

“Ndamva, amama.”

Ntchito inali yokonza mipando m'chipinda cha misonkhano, kupukuta matebulo ndi kuperekera madzi. Ndinkaigwira mosamala chifukwa ndinkaopa kudzudzulidwa kuposa njala. Anzanga ankanditcha Mnyasa, nkumaseka kalankhulidwe kanga. Chinyanja chawo chinali chothamanga, chodzaza Chibemba, ndipo ndikati ndiyankhe, nkhani inali itapita kale patsogolo. Lamlungu ndikachoka ku tchalitchi ndinkakhala pa bedi m'kachipinda kathu ka antchito, kumvetsera ena akuseka panja. Panali masiku amene mawu okhawo otuluka m'kamwa mwanga anali akuti “chabwino, bwana.”

Ndalama ndinkatumiza kudzera mwa a Zgambo, ndipo uthenga ankaunyamula pakamwa, chifukwa makalata ochokera kunja nthawi zina ankafika atatsegulidwa kale. Ndalama ya ku Zambia inkachepa mphamvu mwezi ndi mwezi, moti zimene ndinkatumiza zikafika kwathu zinkaoneka ngati chipongwe. Komabe amama ankabweza mawu akuti yewo chomene, zikomo ya kwathu kumpoto, ndipo asibweni ankati ndiwagulire polishi wakuda wa ku Zambia, akuti amawala kuposa wa kwathu. Ndinkagula zitini ziwiriziwiri. Ndinkafuna azinena kuti mwana uja ndi waulemu.

Tsiku lina abwana anatiuza kuti kukubwera wolemba mabuku, Mayi Nyagondwe, kudzacheza ndi owerenga mabuku awo. Anali Mmalawi, wa kumpoto konkuja, koma anachoka kalekale ndipo kwathu mabuku awo anali oletsedwa. Dzina lawo ndinali nditalimvapo monong'ona. Buku lawo lotchuka linali la kalaliki wina, a Zathina, amene anapatsidwa nsapato zazing'ono ndi bwana wamkulu, nkumazivala moyo wawo wonse, akutsimphina, akuombera m'manja ndi kuuza aliyense kuti sanavalepo nsapato zabwino chotero. Bukulo linali litangosandutsidwa filimu, ndipo Lusaka yense ankatsimphina moseka.

Chipinda chinadzaza. Panabweranso anthu a wailesi ndi makina awo ojambulira mawu. Mayi Nyagondwe anali wamfupi, wonenepa, wa duku lalikulu lofiira, ndipo ankayamba kuseka asanamalize chiganizo, anthu nkumawatsatira. Mtsikana wina anafunsa ngati filimuyo inawasangalatsa.

“Inandisangalatsa,” iwo anatero, “kupatula kuti mnyamata amene anamusankha kukhala Zathina ndi wokongola kwambiri. Ine ndinalemba munthu wa nkhope ngati chikwama cha positi. Tsopano azimayi akundilembera kuti ndimumasule nsapato, akufuna kumukwatira.”

Bambo wina anafunsa chifukwa chake m'filimu anasintha mathero. Iwo anati opanga mafilimu amaopa chisoni ngati mmene mphaka amaopera madzi. Wina anafunsa kuti amalemba nthawi yanji, iwo nkuti nthawi imene mwininyumba wabwera kudzafunsa lendi. Anthu ankagwira m'mimba. Inenso ndinkaseka chamumtima nditaima pakhoma ndi jagi ya madzi, ndipo ndinamva kunyada kuti munthu ameneyu ndi wa kwathu.

Atakhosomola ndinapita kukawathirira madzi. Anamwa, nkundibwezera tambula, ndipo ine ndinalandira ndi manja awiri nkunena mawu amene pakamwa panga panazolowera: “Yewo, amama.”

Anandigwira dzanja. “Yewo? Iwe ndiwe wa kwathu. Ima pano anthu akuone. Ndiwe mwana wa yani?”

Chokuzira mawu chinali patsogolo pathu pomwepo. Ndinachiona. Koma wamkulu anali atandifunsa, ndipo thupi langa linayankha mmene linaphunzitsidwira. Ndinapinda mawondo pang'ono, nkunena dzina langa, dzina la malemu bambo, mudzi wathu, ndi kuti ndimasungidwa ndi asibweni anga a Mphande a ku Msongwe, kalaliki wa boma ku Mzuzu.

“A Mphande a ku Msongwe,” iwo anatero, akutembenukira kwa anthu, maso akuwala. “Abale anga, mumandifunsa masiku onse kuti Zathina ndinamutenga kuti. Nayu mphwake. Mwanawe, akutsimphinabe asibweni ako?”

Chipinda chinagwa ndi phwete. Ine ndinamwetulira, chifukwa wamkulu akaseka nawe umamwetulira. Kumwetulirako anthu anakuombera m'manja.

Msonkhano utatha ndinadikira mpaka mzere wa ofuna kuwalembera dzina m'mabuku utatha. Ndinayandikira nkuwafunsa ngati amawadziwadi asibweni.

“A ndani?”

“A Mphande, amama.”

“Iyayi, mwanawe, sindinawaonepo. Koma waona mmene anthu asekera? Usade nkhawa, ndi nthabwala chabe.” Anatenga buku limodzi, nkulemba dzina lawo mkati, nkundipatsa. “Ukawapatse moni.”

Ndinati yewo. Mpaka lero mawu amenewo ndi amene amandiwawa kwambiri. Bukulo ndinaliwerenga m'kachipinda kanga, ndipo linali loseketsadi. Ndinaseka mpaka misozi, ndipo zimenezo sindinawakhululukire mayiwo, kapena kudzikhululukira ine.

Pulogalamuyo inaulutsidwa Loweruka masana. Ndinadziuza kuti Mzuzu ndi kutali, ndiponso kuti kwathu palibe amene angayerekeze kutsegula wailesi ya kunja pamene pakulankhula munthu woletsedwa. Mwezi umenewo a Zgambo sanabwere ku hotela. Mwezi wotsatira ndinakawafuna ndekha kumene malole amaima. Atandiona anayang'ana uku ndi uku, nkubisa manja m'thumba.

“Ulendo uno sindinyamula kanthu, mphwanga. Ngakhale polishi.”

“Kwachitika chiyani, a Zgambo?”

“Asibweni ako anatengedwa ndi apolisi. Anabwerako, ali moyo. Ntchito ndiye inatha. Ine sindinakuone, iwenso sunandione.”

Ndinapempha tchuthi. Ndinkakhulupirira kuti ndili ndi mankhwala a nkhani yonseyo: mayiwo ananena okha kuti sawadziwa asibweni. Ndinkati ndikangofotokoza bwinobwino, mwaulemu, anthu amva. Buku lija ndinalisiya pansi pa matiresi. Ndinanyamula shuga, nsalu ya amama ndi zitini za polishi zimene a Zgambo anakana.

Mzuzu ndinaupeza uli chimodzimodzi, wozizira, wonunkha utsi wa nkhuni zaziwisi. Chimene chinasintha ndi maso a anthu. Panjira ya ku Msongwe ndinapereka monire kwa azimayi amene ankandituma madzi kale, iwo nkuyankha akuyang'ana mitengo. Mkulu wa mpingo wathu atandiona patali anakhotera m'munda wa chinangwa wa eni ake. Munthu yekhayo amene anandiitana anali a Saidi, Myao wa ku Mangochi amene anali ndi kagolosale pamphambano. Anandilowetsa kuseri kwa kauntala ngati akundigulitsa kanthu.

“Wabwereranji, mwana iwe?”

“Ndabwera kudzafotokoza. Kodi anthu anamva bwanji, a Saidi? Wina anachita kubwera nayo nkhaniyi?”

Anaseka pang'ono, mopanda chimwemwe. “Kubwera nayo? Loweruka limenelo Msongwe yense anali m'nyumba, mawindo otseka dzuwa likuswa mtengo. Ukadutsa panjira unkamva kuseka nyumba iyi, kuseka nyumba iyo. Tonse tinamva. Koma ukafunsa, palibe amene anamva. Ndiye mmodzi mwa osamvawo anapita kukanena, kuopa kuti mnzake amuyambirira.”

“Ndani?”

“Ukadziwa upindulanji? Gula machesi, anthu aone kuti unabwera kudzagula.”

Asibweni ndinawapeza pakhonde akusenda chinangwa, ntchito imene sindinawaonepo akugwira. Anali ataonda. Kuphazi anavala patapata. Pambuyo pake amama anandiuza kuti chibwerereni sanavalenso nsapato, chifukwa akangovala, ana ankawatsatira m'mbuyo akutsimphina, ndipo akuluakulu ankayang'ana kumapazi kwawo asanawapatse moni. Anthu omwewo amene sanamve pulogalamu ankawatcha a Zathina.

Ndinagwada. Ndinafotokoza zonse monga ndinakonzera m'basi: za madzi, za funso, za yankho la mayiwo kuti sanawaonepo. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, mpeni uli m'manja.

“Ndiye kuti sandidziwa,” anatero.

“Sakudziwani, asibweni. Ananena okha.”

“Inenso ndinawauza zomwezo amene ankandifunsa aja. Ndinawauza m'Chichewa, m'Chitumbuka, m'Chingelezi. Anati ngati sakukudziwa, nanga mphwako ankamwetuliranji? Akuti kumwetulira kwako kunamveka pa wailesi, anthu ataombera m'manja.” Anaponya chinangwa m'beseni. “Iwe wabwera ndi umboni wa pakamwa pa munthu woletsedwa. Ukaupereka kwa yani?”

Ndinatsegula chikwama kuti nditulutse shuga, ndipo zitini za polishi zinagubuduka pakhonde. Tonse tinaziyang'ana. Palibe amene anazitola.

“Sindikukuthamangitsa,” anatero asibweni. “Koma ukagona muno, mawa abweranso, ndipo ulendo uno atenga awiri. Ine kumeneko sindingabwerereko. Ukaone amama ako kuseri.”

Amama anandipatsa tiyi ndi mbatata kuseri kwa nyumba, pamene sitingaoneke kuchokera kumsewu. Sanalire. Anandifunsa ngati ndimadya bwino, ngati kuli tchalitchi, ngati bulangete lija likadalipo. Nsalu anailandira, koma anati aisunga m'sutikesi, chifukwa akaivala anthu adziwa kuti yachokera ku Zambia. Ndinkadikira kuti anene kuti sindinalakwe. Ndinkadikiranso kuti anene kuti ndinalakwa. Sananene chilichonse mwa ziwirizi.

Ndili ku Lusaka ndinkaganiza kuti kusungulumwa ndi kukhala pakati pa anthu osakudziwa. Ku Msongwe ndinaona kuti kulinso kwina, kokhala pakati pa anthu okudziwa bwino, odziwa ndi dzina la agogo ako, amene aganiza kuti kukudziwako n'kodula. Mayi Nyagondwe anagula kuseka kwa chipinda chimodzi ndi dzina la munthu amene sanamuonepo, ndipo ndikumva kuti akulemba buku lina. Anthu a kwathu anaseka nawo mawindo ali otseka, kenako nkufuna munthu woti asenze mlandu wa kuseka kwawoko. Asibweni anasenza mbali yawo. Yotsalayo inali kundidikira ine.

Tsopano ndili pa hotela ina, m'tauni ina. Ndikadali waulemu, ndipo abwana amandikonda. Mayina onse amene ndalemba munowa ndawasintha, ngakhale langa.

Tsiku lija la ku Msongwe, dzuwa lisanapendeke, amama anandiperekeza. Sanafike ku depoti ngati poyamba paja. Anaima pamene njira ya ku Msongwe imakumana ndi msewu waukulu, nkundikonza kolala ya shati monga ankachitira ndikamapita kusukulu.

“Yotamu, m'basimo mukhala anthu. Wina akakufunsa kuti ndiwe mwana wa yani...”

Anaima kaye, akuyang'ana kolala ija.

“Uziti ndiwe wa ku Chipata. Makolo anamwalira. Wamva?”

“Ndamva, amama.”