Mowa wa Mpunga pa Manda a Atate

Ndinadzuka kusanache, msana ukupweteka chifukwa ndinagona chokhala pakati pa azimayi. Kunali kuzizira kwa Julaye, kuja kolowa m'mafupa. Nyimbo za usiku wonse zinali zitazilala, kupatula mayi mmodzi amene ankangong'ung'udza yekha pakona. Panja azibambo anali atazungulira moto wa chitsa, atafunda mabulangete athu onse. Linali tsiku loika atate m'manda.

Atate anali khukhi ku Kabulonga, kwa bwana wina wa ku Japani amene anabwera ku Lusaka pa malonda a mkuwa. Kumeneko anaphunzira kulawa mowa wa mpunga umene eniake amautcha sake. Sanali chidakwa, ndikukana. Ankalawa kuti adziwe choti aphike. Koma tsiku lina mkulu wa mpingo wathu wa ku Chilenje anawamva fungo m'basi, n'kuwaimitsa pa mgonero. Atate sanapepese, ndipo amayi, amene ankatsogolera azimayi a chigwirizano, anawakalipira pa nkhani imeneyi mpaka onse awiri anachita imvi. Atate atamwalira, amayi anachita kugwada kuti mpingo uwaike ngati mkhristu. Mkuluyo anavomera, koma anati akangoona dontho la mowa pamaliro atseka Baibulo, ndipo amayi adzavula yunifomu yawo.

Dzuwa litatuluka, kuseri kwa nyumba kunali utsi wokhawokha. Azimayi anatereka nyemba ndi kabichi m'migolo yodula pakati. Masiku amenewo ufa unkasowa, anthu ankaima pamzere tsiku lonse kuti augule, koma wapampando wa chipani m'dera lathu anabweretsa matumba amene sitinafunse kumene anachokera. Anthu anayamba kufika kuchokera ku Kabwata ndi ku Chelstone. Achibale a kumudzi anatsika basi ali fumbi lokhalokha, n'kuyambira kulira pageti penipeni kuti tisakayike kuti afika.

Kenaka panaima galimoto yoyera. Ana a mumsewu anakuwa kuti kwabwera Mchaina, poti chibwerereni Amachaina kudzamanga njanji m'dziko muno, aliyense wa nkhope yotero anali Mchaina basi. Anatuluka bwana wa atate uja, munthu wamkulu, wamfupi, wovala suti yakuda, atafukata bokosi lamatabwa lokulunga m'nsalu. Anawerama kwa azibambo, n'kuweramiranso azimayi ophika, amene anasowa choti achite. Amalume anandikankhira kutsogolo chifukwa ine ndinkataipa mu ofesi m'tauni, ndiye Chizungu chinali changa.

Ndinapita naye kumbali kwa nyumba. Anamasula nsalu ija. Munali mabotolo atatu. Anandionetsa limodzilimodzi, akulankhula pang'onopang'ono. Woyera mbee ngati madzi, anati, umamwedwa wozizira, ndipo atate ankaupereka ndi nsomba ya ku Kafue yodula mopyapyala. Wachiwiri amautenthetsa m'madzi ofunda, ndipo atate ndiwo anatulukira kuti umayenda ndi kapenta wokazinga gwa. Wachitatu unali wambuu ngati thobwa, wotsekemera, woyenera mbatata yootcha. Anati atate akaweruka, iye ndi atate ankakhala awiriwiri pakhomo la khitchini n'kumathirirana, chifukwa kwawo munthu sadzithirira yekha. Ndipo kwawo, mnzako akamwalira, umathira pamanda pake chimene ankakonda kumwa.

Ndinamumvera chisoni, komanso ndinapsa mtima. Bwanji osabweretsa maluwa ngati anthu ena? Ndinamufotokozera za mkulu wa mpingo ndi za amayi. Anamvetsera, anawerama, n'kumanganso nsalu. Koma bokosi sanalibwezere m'galimoto.

Titatenga thupi kuchipatala tinadutsira kutchalitchi, kenaka malole ananyamuka mondondozana, azimayi akuimba atagwira mipango kuopa mphepo. Tinadutsa mipanda ya ku Woodlands, anthu a m'njira akuima n'kuvula zisoti. Kumanda mkulu uja analalikira motalika, ndipo mawu oti kuledzera anawabwereza mokwanira kuti wogontha amve. Mjapani anaima kumbuyo kwenikweni, bokosi lili pachifuwa ngati khanda. Anyamata atatha kukwirira, anayamba kuitana oika nkhata: amayi, ife ana, achibale. Amalume, osadziwa kanthu, anaitananso abwana a malemu.

Anabwera, koma analibe nkhata. Anagwada m'fumbi ndi suti yake, anaika bokosi kumiyendo kwa manda osalimasula, n'kuweramitsa mutu.

Amayi, amene anali atakhala pansi pafupi nane, anandikoka chitenje.

"Muli chani umo?"

"Ni moba, Amai. Uja wa Atate."

"Manje afuna kuchita nao chani?"

"Kuthila pamanda. Ndiye mwambo wa kwao. Koma namuuza kuti asayese. Ba elda ba mpingo balipo."

"Nabaona," anatero amayi.

Anadzuka okha, osagwira munthu. Anapita pa bokosi paja, anamasula nsalu, anatulutsa botolo limodzi n'kulipereka kwa munthu uja ndi manja awiri. Iye anawayang'ana, anatsegula, n'kuthira pang'ono pa dothi lofiira. Kenaka amayi analanda botololo n'kuthira lonse mpaka dontho lomaliza. Kafungo ka mpunga wowawasa kanatipeza tonse.

Ndinamva Baibulo likutsekedwa. Mkuluyo anachoka osapereka dalitso, ndipo azimayi ambiri a yunifomu anamutsatira, ena akucheuka. Ochepa anatsala. Mmodzi wa iwo, wokalamba, anayambitsa nyimbo ndi mawu osasa, ife n'kulandira. Amalume ndiwo anatseka ndi pemphero, lalifupi, chifukwa sanazolowere.

Kunyumba anthu anasamba m'manja pageti, anadya, n'kumabalalika akunong'onezana. Nyemba zambiri zinatsala m'migolo. Pofika madzulo azakhali anali atagona ndi kutopa, ndipo m'nyumba munangotsala fungo la utsi ndi mphasa zopanda anthu. Ndinapeza amayi kukhitchini atapinda bulauzi yawo yoyera ya chigwirizano. Anandipatsa kuti ndikaisiye kutchalitchi mawa, asanachite kuiitanitsa. Ndinalira, chifukwa ndinkadziwa kuti nsalu imeneyo inali moyo wawo.

Mabotolo awiri otsala anali patebulo, pamene Mjapani anawasiya potsanzika. Amayi anawayang'ana nthawi yaitali.

"Nithilileko pang'ono," anatero.

Ndinathira m'kapu ya tiyi. Ananunkhiza, analawa ndi nsonga ya lilime, n'kumeza. Misozi inatsikira m'masaya, kapu ili m'manja.

"Ndiye aka?" anafunsa. "Zaka zonse zija, ine kumukalipila mwamuna wanga chifukwa cha aka?"