Timbale Titatu ta Azakhali

Azakhali anga ndi mlezi, koma ana awo simungawaone ndi maso. Amagwira ntchito ku labu, ndipo kwa zaka khumi ndi zitatu akhala akulera maselo, tinthu tamoyo ting'onoting'ono tomwe timapanga thupi la munthu. Amawalerera m'timbale tagalasi. Kuwamwetsa timadzi tofiira, kuwasamutsa akadzadzana, kuwagoneka m'kabati yofunda ngati m'khwapa. Lamlungu lomwe amapita. Kunyumba kulibe wowaletsa: chipinda chimodzi, mpando umodzi, kapu imodzi. Mlendo amakhala pa ndowa.

Chaka chatha ku labu kuja anagula makina atsopano oonera maselo. Pa akale aja selo limaoneka lophwatalala ngati lapondedwa ndi lole. Atsopanowa amalijambula lili lamoyo, kuyambira pansi mpaka pamwamba, kompyuta n'kusanjikiza zithunzizo, iwe n'kumalitembenuza ngati ukusankha tomato pamsika.

Abwana awo amalankhulira m'mphuno, chonchi: "Amleeezi, pitani ku kosi. Mukabwera ndi kanema wa selo likugawikana pawiri, makina ndi anu. Apo ayi, tipatsa ana a madigiriwa, inu mubwerere kotsuka mabotolo."

Kosiyo inali ya masiku asanu, aliyense kubwera ndi maselo ake. Azakhali ananyamula timbale titatu m'kabokosi, kukutira ndi juzi, ulendo wonse wa pabasi kali pamiyendo. Kondakitala akuti, "Mayi, katundu kumbuyo!" Iwo akuti, "Kumbuyoko ukakhale ndiwe."

Ophunzira analipo khumi ndi atatu, ena onsewo ana achichepere. Mphunzitsi anali kabambo kowonda, kolankhula monong'ona ngati kali pamaliro. Anati, "Khalani awiriawiri." Ana aja nthawi yomweyo gwiragwira, azakhali n'kutsala okha ngati sokosi. Anawapatsa makina a kumapeto, pafupi ndi chozimitsira moto. Nthawi ya tiyi anzawo amaunjikana n'kumaseka za pafoni, iwo ali pakona kuuzira tiyi wozizira kale.

Lamulo lake silinali lovuta. Ika mbale m'kabokosi kofunda ka makinawo, chepetsa kuwala, tseka, usakhudze kwa maola asanu. Koma azakhali anakulira pa makina akale, pomwe chinthu chikapanda kuoneka umangowonjezera nyale. Lachiwiri atayang'ana pa kompyuta anangoona mbuu. Anapotokola kuwala mpaka maselo aja waliwali ngati m'sitolo ya magalasi. Kukongola kwake! Ola lisanathe onse anali atatupa n'kuphulika.

"Mayi," mphunzitsi ananong'ona, "mwawawotcha."

"Ndimangofuna ndiwaone bwino."

"Mwawaona, eti? Tiyeni tikawataye."

Lachitatu kuwala sanakhudze, ndikulumbira. Koma mtima wa mlezi, abale. Pakatha mphindi khumi, tsegu kabokosi, suzumiru, kukhudza mbale ndi kuseri kwa chala ngati chipumi cha mwana wodwala. Mpweya wofunda unathawa, mbale inasuntha, makina n'kumajambula pambali popanda kanthu. Maselo anazizidwa n'kukwinyika.

Mtsikana wa makina oyandikana nawo, wa zikhadabo zobiriwira, akuti, "Agogo, mwabwera kudzaphunzira kapena kudzazonda matenda?"

Chipinda chonse chinafa ndi kuseka. Azakhali nawonso anaseka, nanga akanatani.

Madzulo ake anandiimbira, chikhalirecho iwo amangofulasha. Ndinayesa nthabwala zanga zonse, koma sizinagwire. Kenako akuti, "Katsala kambale kamodzi, mwanawe. Mabotolo aja ndinatsuka zaka zisanu ndi chimodzi. Mpaka lero manja angawa akamva sopo amang'aluka."

Lachinayi anafika chitseko chisanatsegulidwe. Anaika kambale komaliza, kuwala kuchepetsa mpaka iwo eni osaona kanthu, kutseka kabokosi. Anaima pamenepo manja akuyabwa. Kenako anavula magolovesi, n'kupita kwa mphunzitsi.

"Achimwene, ine ndikutuluka. Ndikabwerera isanakwane thuu koloko mundithamangitse."

"Ine kukuthamangitsani inu?"

"Ndi tsache lomwe."

Anakakhala pamasitepe panja. Nayini koloko, teni, leveni. Masana ana aja anatuluka chigulu kupita kokadya, kuwalambalala ngati mphika wa maluwa. Bambo wina wokolopa anafika ndi ndowa yake.

"Tatukulani miyendo, mayi. Mukudikira ndani?"

"Ana."

"Aweruka nthawi yanji?"

"Saweruka."

Bamboyo anawayang'ana, n'kukolopa mozungulira.

Thuu koloko analowa. Mphunzitsi anadina batani. Pa kompyuta panabwera selo limodzi, lotuwa, losanyezimira n'komwe. Linakhala, linakhala, kenako linadzikoka n'kukhala ndendende mpira. Linaning'a pakati. Pwa, awiri. Analitembenuza uku ndi uku, pansi, pamwamba, zonse zikuoneka mpaka kaulusi komaliza kakuduka, awiri aja aliyense n'kukwawira kwake.

Kabambo konong'ona kaja kanakuwa! "Bwerani nonse kuno!" Mawu analipo, abale, kamangowasunga.

Ana aja anaunjikana kumbuyo kwa azakhali, wina mpaka kutsamira paphewa pawo. Wa zikhadabo uja akuti, "Iii agogo, mwatani kuti zituluke chonchi? Tiuzeniko."

"Palibe," anatero azakhali. "Ndinachokapo."

Anadikira kuti mwina afunsanso china. Koma aliyense anathamangira ku makina ake.

Panopa makina aja ndi awo. Ali m'kachipinda kopanda zenera kumapeto kwa khonde, ndipo pachitseko pali pepala lomwe analemba okha: OSATSEGULA, OSAGOGODA. Kale anthu ankabwera kudzatenga maselo kwa iwo, n'kupereka moni, kudandaulako za ana ndi za msana. Tsopano akaona pepalalo amadutsa monyang'ama.

Mwezi watha ndinakawapeza kuntchitoko. Anali pabenchi kunja kwa chitsekocho, atavala khoti loyera, manja onse awiri atawatsekera m'matumba. Ndinawafunsa ngati zikuyenda.

"Zikuyenda," akuti. "Akukula bwino kwambiri."

Anatulutsa dzanja limodzi, kuyang'ana wotchi, n'kulibwezeranso. Kunali kutatsala maola atatu.