Aneba Anga ndi Matayala Olemera

Aneba anga, amene amanyamula mpunga ku Hara pa pikapu yawo yokalamba, sagula tayala poona kukongola kwake. Amayamba alinyamula. Likapepuka amalibweza osanena kanthu. Likalemera amalikhalira kuti aone ngati m'mbali mwake mukupindika. Msana unawatha kalekale, koma khalidweli salisiya. Ukawafunsa amangoti, "Msewu sudziwa pepani."

Mwezi watha ndinawaperekeza kusitolo ya Zubairi. Ananyamula matayala asanu, limodzilimodzi, mpaka kupumira m'mwamba.

"Adada, opepukawa ndi otchipa, ndipo mpunga amanyamula bwinobwino," anatero Zubairi atatopa nawo.

Aneba anakhala pa tayala lolemera, n'kupukuta thukuta ndi chipewa.

"Mpunga umadikira, mwana wanga. Koma kwathu galimoto ndi yomweyi, maliro ndimanyamulanso ndine. Chaka chatha lopepuka linandiphulikira pa Wovwe, bokosi la mlamu wanga lili kumbuyo. Azimayi operekeza maliro anaimba padzuwa mpaka nyimbo zonse zinatha. Kenako anangokhala chete, akundiyang'ana."

Zubairi anagubuduza yekha matayala anayi olemera mpaka pagalimoto.