Gitala Losamenyera Munthu

Kaphwanya sanabadwe ndi dzina limenelo. Analitola ali ndi zaka khumi ndi zisanu, tsiku lomwe anaswera mnzake mpando wa m'kalasi pamsana chifukwa cha cholembera. Kuyambira pamenepo dzina la makolo linangotsala pa chitupa. Atakula anayamba ntchito yomata matayala m'mbali mwa msewu waukulu, pakashedi ka malata pomwe panali kompuresa yotsokomola ndi beseni la madzi akuda loyeseramo machubu. Pamenepo aliyense ankamuitana kuti Kaphwanya, ndipo iye ankavomera osanyinyirika.

Munthuyu anali wamtima wapachala. Koma paja amati ukaipa dziwa nyimbo, ndipo nyimbo ankaidziwa. Lamlungu lililonse masana ankaimba gitala m'bandi ya anthu anayi, pabwalo la bala ina ya mpanda wa njerwa. Zala zomwe zija zothimbirira ndi mphira zikagwira nsambo, anthu ankaiwala mowa patebulo mpaka ntchentche kugweramo. Gitala lake linali lamagetsi, lathabwa lokhalokha, lakuda, lolemera ngati chitseko. Anzake ankalitcha Chithabwa. Tisanamizane, Chithabwacho chinali choimbira komanso chibonga. Chinagwetsapo chidakwa china chomwe chinakwera pasiteji kudzalanda maiki. Chinathyola nthiti za mlonda. Kachitatu chinatera pachibwano cha dalaivala wina wa lole amene ankakuwa kuti asinthe nyimbo. Chibwanocho chinapola chokhota, moti munthuyo akamamwa tiyi ankadonthezera pamalaya. Pa mlandu umenewo Kaphwanya anakaseweza miyezi isanu ndi itatu kundende.

Mawu ake anali amodzimodzi nthawi zonse, kaya kupolisi, kaya kukhoti: "Ine sindidziwa chomwe chimachitika. M'maso mumangochita mdima, mutu kuima. Ndimadzidzimuka munthu ali kale pansi." Ankanena akugwetsa misozi yeniyeni, ndipo iye mwini ankazikhulupirira ndi mtima wonse.

Amene anawamva kwambiri mawu amenewa ndi mkazi wake, telala wa pakhonde la sitolo ina. Anawamva ali ndi diso lotupa, anawamva akulavula magazi m'beseni. Komaliza, patangotha miyezi iwiri mwamunayo atatuluka kundende, anamupeza akuseka pafoni ndi kasitomala. Anamumenyetsa mutu pafelemu ya chitseko, nkumupotokola mkono wamanja mpaka unalira. Kamwana kawo kakakazi kanali kunsi kwa bedi, katatseka makutu. Atatuluka m'chipatala, mayiyo anatenga mwana ndi mashini ake osokera nkupita kwa mchimwene wake.

Mchimwene wakeyo, mlamu wake wa Kaphwanya, ndi amene ankaimba ng'oma m'bandi yomwe ija. Sanaisiye bandiyo, poti ana ake ankadyera momwemo, koma kuyambira tsiku limenelo ankalankhula naye za nyimbo zokha. "Tiyambe iti?" "Mwathamanga." Basi. Chaka chinatha choncho. Kaphwanya ankagona yekha m'chipinda chomwe munatsala misomali yopanda chokolekapo, ndipo ankamusowa mkazi wakeyo moti chakudya sichinkatsika. Chomwe ankafuna pamoyo wake wonse tsopano chinali chimodzi, kuti mayi uja abwerere.

Kuseri kwa malo ometera tsitsi kunali kachipinda kopapatiza ka madala ena okonza magitala ndi masipika. Munkanunkha guluu ndi mawaya opserera. Madalawa Chithabwa ankachidziwa bwino. Anachimata khosi kawiri, ndipo tsiku lina anazulamo kachidutswa ka dzino la munthu. Masana ena Kaphwanya atapita kukagula nsambo, anaona pakhoma gitala lachilendo. Linali lofiirira ngati tiyi wopanda mkaka, lotakata koma lopyapyala, ndi timabowo tiwiri topindika kutsogolo kwake.

"Ili si thabwa ngati lako," anatero madala aja akulitsitsa. "Ndi lamagetsi ndithu, koma mtengo wolimba uli pakati pokha, wogwira khosi ndi nsambo. M'mbali monsemu ndi mphako. Gogoda umve."

Kaphwanya anagogoda ndi chala, gitala linayankha. Anakhudza nsambo lisanalumikizidwe ku magetsi, linalira lokha chapansipansi. Atalilumikiza ku ampu, makina okwezera mawu, mawu ake anatuluka onenepa, ofunda, ngati munthu amene akukupepesa. Anaimba mpaka wometa tsitsi anasiya kasitomala mutu theka nkudzasuzumira pakhomo.

"Lili ndi zovuta zake," anatero madala. "Ukaliyandikitsa kusipika limakuwa lokha ngati nkhumba. Silifuna dzuwa, silifuna chinyezi. Ndipo iwe ndikuuziretu, poti ndimakudziwa: ili silimenyera munthu. Ukangoyesa kamodzi, udzatola tizidutswa."

Anamuuza kuti akalifuna asiye Chithabwa nkuwonjezera pang'ono. Apa ndi pomwe Kaphwanya anagwira njakata. Masabata atatu athunthu ankapita kukachipinda kaja nthawi yopuma, kuligwira, kuliimba, kulibweza pakhoma. Mawu ake ankawafuna. Koma akaganiza zoima pasiteji opanda Chithabwa, ankamva ngati akumuuza kuti ayende maliseche mumsewu. Adani anali nawo ambiri, ndipo onse ankadziwa komwe amapezeka Lamlungu.

Kuntchito nkhani inafika. Mnzake wopopa matayala anati, "Tamva kuti akuluakulu mukugula dzira. Muzikalifungatira pasiteji?" Kaphwanya anali ndi chitsulo chochotsera matayala m'manja. Anachiponya ndi mphamvu zonse. Chinadutsa pafupi ndi khutu la mnzakeyo nkuboola lata la shedi. Mnzakeyo anakhala pansi pomwepo. Ndipo taonani nzeru za munthuyu: madzulo ake ankadzitama mumtima kuti wasintha, poti kale chitsulocho chikanatera pamutu.

Ali m'njira yopita kunyumba anaganiza kuti wapeza mankhwala. Ngati m'manja mwake muli chinthu chosamenyera, mdima uja ukabwera upeza palibe chogwira, udutsa. Poyeserera nyimbo Lachinayi, anamuitanira pambali mlamu wake.

"Alamu, mukawauze mayi a mwana kuti Chithabwa ndikuchisiya. Ndikugula gitala loti sungamenyere munthu. Abwere Lamlungu adzaone okha kuti ndine munthu wina."

Mlamuyo anapitiriza kumanga ng'oma yake, osadzutsa mutu. "Mlongo wanga simunamumenye ndi gitala," anatero. Komabe uthenga anakapereka.

Loweruka madala aja anatopa naye. "Iwe, undithera nsambo ndi kuyesa kwakoku. Tenga, ukaliimbe mawa. Lolemba udzandiuze ngati ukugula. Chithabwa chitsale kuno." Analiika m'bokosi lake la nsalu yofewa mkati, naliphimba ndi kansalu kachikasu, nkutseka tiloko tiwiri.

Lamlungu dzuwa linaswa mtengo. Pabwalo la bala paja panadzaza, matebulo apulasitiki mpaka kumpanda. Ali mkati mochuna nsambo, Kaphwanya anamuona. Mkazi wake anakhala yekha kumbuyo, pafupi ndi geti, botolo la chakumwa chozizira patsogolo pake. Mkono wamanja uja, umene sunkawongokanso bwino, anausanjika pamiyendo.

Tsiku limenelo anaimba monga sanaimbirepo. Anaima patali ndi sipika monga anamulangizira madala, ndipo gitala lija linatulutsa zonse zomwe pakamwa pake pankalephera kunena. Ngakhale mlamu wake anadzutsa mutu nkumuyang'ana. Pa nyimbo yachinayi anaona mkazi wake akugwedeza phazi pansi pa tebulo, ndipo anati mumtima, zatheka, Lolemba ndikugula.

Dalaivala wa chibwano chokhota uja analowa nyimbo yachisanu ili pakati. Anali ataledzera, atawonda, malaya kunja. Anadutsa pakati pa ovina nkudzaima kutsogolo kwa siteji, akuloza pakamwa pake.

"Ukundiona? Ukuona zomwe unandichita?" Mawu ankatuluka opindika, malovu akutsika pachibwano. "Ntchito inandithera, mkazi anandithawa, iwe uli pano ukuimba."

Kaphwanya anayang'ana kumbali, zala zikupitiriza. Dalaivalayo anatola botolo patebulo la anthu ena nkuliponya. Linamuphonya Kaphwanya, nkukaswekera pachipumi pa mlamu wake. Ng'oma zinaima. Magazi anatsika chuchuchu kumaso mpaka pachikopa cha ng'oma. Amuna awiri ogulitsa mowa anamugwira dalaivalayo uku ndi uku nkuyamba kumukokera kugeti, iye akulira ngati mwana. Nkhani ikanathera pomwepo. Munthu anali atagwidwa kale, akutuluka.

Kaphwanya anatsitsa voliyumu pagitala. Anazula waya kuti sipika isakuwe. Anavula lamba podutsitsa pamutu mosamala kuti khosi la gitala lisagunde chitsulo cha maiki. Anapita pakona ya siteji, nagwada, naligoneka m'bokosi. Anaona kadontho ka mowa pafupi ndi kabowo kamodzi, nakapukuta ndi kansalu kachikasu kaja. Analiphimba, natseka loko woyamba, natseka wachiwiri, nakankhira bokosilo kuseri kwa sipika komwe phazi la munthu silingafike. Kenako anachotsa maiki pachitsulo chake, naiika pampando, nkunyamula chitsulocho.

Anamupeza dalaivala ali pafupi ndi geti. Chitsulo choyamba chinatera pamsana, ogwira aja anamusiya nkubalalika. Chachiwiri chinatera pamkono umene anadzitchinjiriza nawo, ndipo mkonowo unapindika pomwe palibe mfundo. Munthuyo anagwa chagada pakati pa mipando. Kaphwanya anamuponda pachifuwa nkumumenya kumaso, pachibwano chomwe chija, kawiri, katatu. Tsinde la chitsulo litaguluka, anachitaya nkupitiriza ndi zibakera. Azimayi ankakuwa, matebulo ankagwa, anthu ankapondana pageti. Panafunika amuna asanu kuti amuchotsepo, ndipo mmodzi anatsala ndi mlomo wong'ambika. Dalaivalayo anagona pakati pa magalasi osweka akupuma mokoka, nkhope yosazindikirika.

Ena anamunyamulira m'galimoto kuthamangira naye kuchipatala, ena anaimbira apolisi. Kaphwanya anakhala m'mphepete mwa siteji, manja ali magazi okhaokha. Misozi ija inali itayamba kale. Atadzutsa mutu, mkazi wake anali ataima patsogolo pake. Zonsezo zinachitikira pafupi ndi tebulo lake, moti timadontho ta magazi tinali padiresi lake.

"Mayi a mwana," anayamba Kaphwanya, "mwaona nokha kuti anayamba ndi iye. Ine m'maso munangochita..."

"Khalani chete, bambo." Mayiyo sanakweze mawu. "Ndaona zonse. Ndakuonani mukutsitsa voliyumu. Ndakuonani mukupukuta gitala. Maloko awiri, mwatseka onse. Maiki ya eniake mwaiika pampando kuti isagwe."

Kaphwanya anacheukira kuseri kwa sipika komwe kunali bokosi lija.

"Zaka zisanu ndi ziwiri ndakhala ndikuuza abale anga kuti mwamuna wanga amadwala, sadziwa chomwe akuchita, timupempherere. Ndinkakumverani chisoni ine, mkono uli m'chikhakha. Lero ndabwera ndili ndi maganizo obwerera, mwana ndamuuza kale kuti mwina tipita kwa adadi. Kani mumaona bwinobwino. Mumadziwa chinthu chomwe chingasweke, mumadziwa kuchiika pabwino. Ine mutu wanga munkauona, felemu ya chitseko munkaionanso."

Anatembenuka nkupita kwa mchimwene wake, yemwe anali atagwira thaulo pachipumi. Anamudzutsa ndi mkono wamanzere, awiriwo nkuyamba kulowera kugeti.

"Alamu," anaitana Kaphwanya. Mlamuyo anaima koma sanacheuke. "Bokosi lili kuseri kwa sipika. Wina akawapatse madala mawa. Akawauze kuti silinakandike paliponse. Sindigula."

Mlamuyo anapitiriza kuyenda. Kaphwanya anawayang'ana mpaka anatuluka, mlongo ndi mchimwene wake, osacheuka ngakhale kamodzi. Anakhala pomwepo akuyesa kukumbukira mdima uja, kuti unayambira pati lero. Anausakasaka osaupeza. Ankakumbukira zonse: kuzizira kwa loko pachala, kulemera kwa chitsulo, malo omwe anasankha kumenya. Anabwerera m'mbuyo m'maganizo, kwa mlonda, ku mpando wa m'kalasi, kuchipinda chija mwana ali kunsi kwa bedi. Konseko kunali kowala.

Apolisi anafika awiri. Wamkuluyo ankamudziwa kale, ndipo anapumira m'mwamba akutulutsa unyolo.

"Kaphwanya, iwenso? Tiye, tiuze. M'maso munachita mdima eti?"

Kaphwanya anatambasula manja onse awiri.

"Ayi, bwana," anatero. "Ndimaona."