Nesi Wathu Atasiya Kubwera ku Tchalitchi

Ndiyambe ndi kuyamika Mulungu amene wandisunga zaka zonsezi ku Joni kuno, ndipo satopa kundiwongola ndikalakwa.

Mumpingo mwathu ku Boksburg, momwe ambiri ndife Amalawi a ntchito za m'nyumba ndi zaulonda, munali mayi wina, nesi wa pachipatala cha boma. Mapemphero akangotha Lamulungu, tinkamuzinga pakhomo pomwepo. Wina ndi khadi la kukiliniki, wina ndi mapilitsi osadziwa kamwedwe kake, wina kufuna amuyeze bipi. Kuchipatala tinkaopa mizere ndi mafunso a mapepala, pomwe iye ankatifotokozera m'Chichewa. Ankachoka dzuwa litapendeka, m'mimba mulibe kanthu. Ife tinkangoti ndi mphatso yake.

Kenako anasiya kubwera. Patapita miyezi iwiri, amayi a mumpingo tinagwirizana kuti mnzathu wazirala, ndipo anandituma ine kukamuchenjeza. Akapanda kusintha, nkhani ipite kwa akulu a mpingo.

Lachinayi lina, nditaweruka ku Bedfordview kumene ndinkachapa ndi kusita, ndinakwera takisi. M'chikwama munali Baibulo, mavesi nditasankhiratu. Ndisaname, munalinso mapilitsi a amuna anga oti akandiwonereko.

Nesiyo ndinamupeza kunyumba kwake ali pampando, yunifomu ikadali m'thupi, atavula nsapato imodzi yokha. Mbale zinali zitadzaza m'sinki.

"Mwabwera ndi matenda kapena ndi Mawu, amayi?" anandifunsa.

"Ndi Mawu, asisi."

"Ndiye mwandimvera chisoni. Khalani."

Ndisanatsegule chikwama, anayamba yekha. "Dzulo agogo ena mu wodi anandiitana katatu kuti ndiwapatse madzi. Ndinamva. Ndinangodutsa, ndipo mumtima simunachite kanthu. Kale ndikanalira. Manesi tachepa, amayi. Odwala ena akugona pa mabenchi, achibale awo n'kumatukwana ife. Lamulungu ndimavala ndithu kuti ndibwere, koma ndikakumbukira mzere uja wa pakhomo pa tchalitchi, miyendo imakana."

Mu mzere umenewo inenso ndinkaimamo. Ndinakumbukira mneneri uja amene anathawira kuchipululu, nagona pansi pa kamtengo atatopa ndi moyo. Mngelo sanayambe ndi kumudzudzula. Anamupatsa mkate ndi madzi, n'kumusiya agonenso.

Chikwama chija sindinachitsegule. Ndinatereka tiyi, ndinatsuka mbale, ndinasita mayunifomu awiri amene ndinawapeza pa bedi. Tiyi asanazizire, mnzanga anali atagona pampando pomwepo.

Lamulungu ndinauza amayi anzanga kuti mnzathu sanazirale, tamutopetsa ndife.

"Nanga bipi yanga?" anatero mayi wina wachikulire.

"Kiliniki ilipo, amayi. Mukalawirire, ndikuperekezani."

Ena anang'ung'udza, koma tinamvana kuti kwa akulu a mpingo nkhani sipita, ndipo tsiku la Ambuye pasapezeke womutulutsira khadi kapena pilitsi. Uthengawo ndinakamutulira ndekha. Sanalonjeze kanthu.

Anabwera patatha mwezi. Anakhala kumbuyo, ndipo ulaliki uli mkati anayamba kusinza. Mayi amene anali pambali pake anafuna kumugwedeza, ine ndinagwira dzanja la mayiyo kumuletsa.

Inu amene mukuwerenga, makamaka amene mumagwira odwala tsiku ndi tsiku, Ambuye akupatseni tulo tokoma, akutumizireni wokutsukirani mbale, ndipo atsitsimutsenso mitima yanu. Ameni.