Amalume ayamikira mbira ya Tadala

Mwaswera bwanji nonse. Mboni zanga ndi mayi a Tadala ndi a Zimba, alonda athu. Ndikanama muwafunse.

M'mawa tamugulira Tadala mbira ziwiri ku Old Town, zongoweta basi. Wazitcha kale mayina, Fulawa ndi Dona, ndipo zili ndi bulangete lawolawo.

Masana amalume a ku Mitundu atulukira kuno ku Area 14. Mwana pofuna kuwaonetsa wanyamula Dona, wagwada bwinobwino, wawapatsa m'manja. Inu mukudziwa kuti kumudzi mlendo akagwiritsidwa chiweto chamoyo, ndiye kuti ndiwo zake ndi zimenezo.

Amalume aipapasa m'nthiti, n'kunena kuti, "Mphwanga, ulemu wotere sindinauonepo. Imodzi ikwana, inayo musungire Khirisimasi."

Dona wandiyang'ana. Ndikulumbira, mbira imatuluka thukuta.

Panopa ndadzitsekera m'bafa ndi mbira zonse ziwiri. Tadala sakudziwa kanthu. Amalume ali pakhonde, akana ngakhale tiyi kuti asawononge malo m'mimba.

Ndani mwa inu angawaimbire n'kuwafotokozera? Ine sindingathe, aja ndi ankhoswe anga. Yankhani msanga, ndikuwamva akufunsa ngati m'nyumba muno muli tsabola.