Mabowo m'Zithunzi za Bambo

Zithunzi za kwathu zonse n'zobowoka. Amayi amazisunga m'chitini cha mabisiketi a bolasha, ndipo paliponse pamene panayenera kukhala nkhope ya bambo pali bowo lolowa chala. Thupi lilipo, tayi ilipo, choko chili m'manja, mutu palibe. Nthawi ya nkhondo anthu amfuti ankafufuza m'nyumba kusaka aphunzitsi, ndiye amayi anadula nkhope zonsezo ndi lumo. Sizinathandize. Bambo anawagwira panjira ya ku Fonte Boa, n'kuwatema ndi zikwanje ophunzira awo akuona. Ine ndinali wa kumsana, sindiwadziwa.

Chaka chatha azakhali anga a ku Domwe anandipatsa chithunzi chimodzi chathunthu. Ndinachiyang'ana ndili chiimire: mphuno yanga yomweyi, mpata wa m'mano womwewu. Kupusa kwanga, sindinachijambule pa telefoni. Ndinati ayambe aona amayi, mwina nzeru n'kubwererako pang'ono, pakuti masiku ano amaiwala ngakhale zoti adya.

Ndinawapeza pakhonde akusankha nyemba.

"Amayi, mukuwadziwa awa?"

Anachiyang'ana nthawi yaitali. "Apurofesori," anatero motsitsa mawu, momwe timatchulira aphunzitsi kwathu kuno. Kenako anaponya maso kumsewu. "Wachionetsa yani?"

"Palibe, amayi. Nkhondo inatha kalekale."

"Tseka pakamwa, chitsiru iwe! Ufuna uwaphetse?"

Sindinkadziwa kuti lumo amayenda nalo pamfundo ya chitenje. Ndisanaphethire n'komwe linali litazungulira kale nkhope ija. Ndinawagwira dzanja n'kulipotokola mpaka anakuwa, lumo n'kundicheka pachikhatho. Lichero linagubuduka, nyemba mbwee pabwalo ponse. Amayi okalamba chonchija, opepuka ngati mtolo wa mapesi, anandigunda ndi mutu pachibwano, n'kuponya kachidutswa ka nkhope kaja m'kamwa mwawo. Ndipo ine, mwana wobatizidwa, ndinawagwetsera pamatumba a kachewere, ndinawapana ndi bondo, n'kuwapisa zala m'kamwa ndikukuwa kuti, "Lavulani! Lavulani bambo anga!" Anandiluma mpaka pafupa. Ndinawamenya mbama. Inde, ndinawamenya. Ndikulemba pano chifukwa kukaulula kwa padiri kwandikanika mpaka lero.

Ndinaona khosi lawo likugwedezeka, ameza. Apo m'pamene ndinadziwa kumene nkhope zina zonse zija zinapita.

Tinakhala pansi tonse awiri tikupuma wefuwefu, magazi anga ali pamilomo pawo. Ndinawada tsiku limenelo, sindibisa. Chithunzi chinali m'fumbi, bowo lake lofanana ndi a m'chitini muja. Iwo anang'amba nsonga ya chitenje n'kuyamba kundimanga chala mosamala, ngati kuti wandiluma ndi wina. Atatha anandigwira chibwano, nayang'anitsitsa mphuno yanga ndi mano anga, nayang'ananso kumsewu.

"Iwenso usamayende masana," ananong'ona. "Wafanana nawo kwambiri."